Mawu Khumi ndi Awiri

Dzulo tikusankha thonje pakhonde
mdzukulu wanga Fulukiya anandifunsa:
"Agogo, lamya kwenikweni n'chiyani?"
Ndinamulozera chitsulo chadzimbiri chija
chinatsala chokha kuseri kwa siteshoni ya Chiromo,
chimene mbuzi zimadzikandapo masana.

Lamya, mwanawe, poyamba sinkalankhula.
Inkagogoda.
Kadontho, kamzere, kadontho,
ngati gogomole pa mtengo wouma,
ndipo ine Zuze Alufandika, kalaliki wa njanji,
ndinali khutu lake ndi dzanja lake.

Tinkati kutchaya lamya
poti ng'oma ndiyo inayamba kutchayidwa.
Ikalira usiku kutsidya kwa Shire, yosavinika,
tinkadziwa kuti bwato lagubuduzika.
Utsi wa ku mapiri a Chididi unali kalata,
mfuwu wa mpalasi unali kalata,
nsalu yoyera pansonga ya nsungwi inali kalata.
Waya anangobwera ndi mitengo iwiri:
wina womunyamula m'mbali mwa njanji,
wina wolipira pawindo langa.

Mawu khumi ndi awiri, sheleni imodzi.
Mai Anazhi Tchapo anabwera ndi mawu odzaza dengu
opita kwa mwana wawo ku migodi:
za denga lodontha, za mapira odyedwa ndi mbalame,
za bambo ake otsokomola magazi.
Ndinawapala mamba ngati mphende,
moni ndinataya, madandaulo ndinatumbula,
kunatsala mnofu wokha:
BWERA MSANGA BAMBO ADWALA.
Chenji anamangirira pansonga ya chitenje
osandiyang'ana.

Waya anali ndi chinenero chakechake.
"Adwala" ndiye kuti mwina tawasambitsa kale.
"Msanga" ndiye kuti gulitsa njinga, kwera sitima.
"Ndafika bwino" ndiye kuti ndalama zatha
koma musauze amayi.

Chaka chimene Ruo anasefukira usiku,
mnzanga wa ku Sankhulani anagogoda mothamanga:
MADZI AKUBWERA CHOTSANI ANTHU KU
basi, waya zii.
Pa ntchito yathu chete nayenso ndi liwu,
ndipo limenelo ndinalimva bwino.
Ndinatuluka ndi hamala
kukamenya chidutswa cha njanji chopachika pa mtondo,
ng'oma za ku Makhanga zinalandira,
malikhweru anaolotsa madambo,
pofika m'bandakucha anthu anali pa mtunda
ndi nkhuku zawo m'manja.
Palibe analipira ngakhale kobiri.

Koma pali china sindinauzepo munthu.
Wolandira telegalamu amayamba wakhala pansi,
amaitembenuza, amapuma, kenako n'kung'amba.
Ine yanga inalowera m'khutu,
chilembo chimodzichimodzi,
kuchokera ku chipatala cha ku Nsanje.
M. I. N.
Pa chilembo chachitatu ndinali nditadziwa
kuti ndi Minezhi, agogo ako aakazi,
koma dzanja linapitiriza ntchito yake:
linalemba mwaukhondo, linaika nthawi,
linadinda chidindo, linapinda pepala,
lamanja n'kupatsira lamanzere.
Panalibe "adwala" woti ndibisalemo.
Mnzanga uja sanadziwe kuti akugogodera mwini.
Ndinayankha monga mwa lamulo: ndalandira.
Sitima ya thonje inali pafupi,
ndinaikwezera mbendera yobiriwira, inadutsa.

Ndisanamalize, foni ya Fulukiya inalira kamodzi
n'kukhala chete.
"Wafulasha," anatero, "ndi Jofilisi,
ndiye kuti wafika ku Bangula.
Kamodzi ndi 'ndafika', kawiri ndi 'ndiimbire',
katatu ndi zathu, agogo, musafunse."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ndiye kuti sinafe, yangotaya waya.
Iye anabwerera ku thonje lake,
ine ndinapeza chala changa chikugogoda pa bondo,
kamzere, kamzere, kadontho, kadontho,
dzina lomwe lija,
kulitumiza kumene kulibe siteshoni,
n'kudikira pang'ono, mwa chizolowezi,
kuti mwina wina ayankha: ndalandira.